Khirisimasi ya ku Scotland: zolemba za m'njira

16 Disembala, Addis Ababa

Ndikulemba ndili pabwalo la ndege la Bole, miyendo nditasanjika pachikwama, kudikira ndege ya ku London yomwe inyamuke pakati pa usiku. Ku Chileka ndachoka masana kukutentha, mitambo ya mvula itada bii cha ku Michiru. Mtima uli kumunda ku Lunzu, poti chimanga changomera kumene ndipo kupalira ndasiyira mwana wa achimwene.

Ndikupita kwa mwana wanga wamkazi ku Glasgow. Amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo adzukulu anga awiri ndimangowadziwira pa foni. Viza yokha inandiwondetsa: kalata yondiitana, mapepala a penshoni, mapepala a kubanki, ulendo wa ku Lilongwe kukadinda zala, kenako kudikira osadziwa kuti ayankha zotani. Tsiku lomwe yankho linabwera loti andilola, ndinayamba ndakhala pansi kaye.

M'chikwama chachikulu zovala n'zochepa. Muli ufa woyera, usipa, mfutso wa nkhwani, chiponde, kambuzi ndi mpunga wa Kilombero. Nyama ndi zamkaka anandichenjeza kuti ndisayerekeze, salola kulowa nazo.

Mayi wina wa ku Chipata, namwino ku England, anandimva ndikulankhula pa foni ndipo anasendera pafupi. Atamva kuti n'koyamba, anayang'ana nsapato zanga n'kupukusa mutu. "Amayi, juzi ndi jekete zikhale m'manja, musadikire katundu. Ndipo mukafika, chinthu choyamba akakugulireni nsapato." Anandigulira tiyi, ndalama yanga anaikana.

17 Disembala, London mpaka Glasgow

Tinatera ku Heathrow kudakali mdima. Pamzere wa olowa m'dziko ndinachita mantha, sindibisa, envelopu ya mapepala inkanjenjemera m'manja. Bambo wa pawindo anangofunsa kumene ndikupita, amene ndikakhale naye ndi tsiku lobwerera. Anandifunira Khirisimasi yabwino, basi ndinadutsa.

Nditatuluka panja chisanu chinandimenya kumaso ndi m'makutu. Cha ku Dedza mwezi wa Juni n'chamwana. Ichi chimalowa m'mano.

Kuti ndikafike ku siteshoni ya Euston ndinakwera sitima zapansi pa nthaka, ndipo pena pake ndinapeza masitepe ndili ndi zikwama ziwiri. Ndinaima pansi pake kusowa chochita, anthu akundilambalala uku ndi uku. Mnyamata wina wovala buluku lothimbirira penti ananyamula chikwama cha ufa chija mpaka pamwamba, osanena kanthu. Pamene ndimafika ine kuti ndithokoze, anali atalowa kale m'gulu.

Ku Euston anthu sakhala pansi. Amaima chilili, maso ali m'mwamba pa bolodi, ndipo nambala ya pokwerera ikangotuluka onse amayamba liwiro. Tikiti anandigulira mwana wanga kudakali milungu ingapo, chifukwa kuno mtengo wa sitima umakwera tsiku likamayandikira. Ulendo wake ndi wa maola anayi ndi theka. M'sitimamo sangweji ndi tiyi zinali mapaundi 7, pomwe paundi imodzi kubanki kwathu imaposa K2,000. Ndinagula tiyi yekha n'kutulutsa mtedza wanga wokazinga.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti udzu ndi wobiriwira ngakhale mitengo yonse ili mbulanda, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Titadutsa Lancaster kunayamba mapiri, mipanda ya miyala yongosanja ndi nkhosa zonenepa zitamwazikana pamvula. Titapitirira Carlisle kunja kunayamba kuda. Ndinayang'ana wotchi: inali isanakwane 4 koloko masana.

Ku Glasgow Central mwana wanga anandiona poyamba. Tinalira tonse pakati pa anthu. Mdzukulu wamkulu anagwada pang'ono monga anamuphunzitsira n'kuti, "Agogo, mwayenda bwanji?" Wamng'ono anabisala kumbuyo kwa bambo ake.

18 Disembala, Glasgow

Ndinadzuka 5 koloko monga mwa chizolowezi, n'kukhala pabedi kudikira kuti kuche. 6 koloko mdima. 7 koloko mdima. Ana anapita kusukulu magetsi a mumsewu akadali oyaka. Kuno masiku ano dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 n'kulowa cha m'ma 3:45, ndipo ngakhale maola ochepawo silikwera kufika paliwombo, limangoyenda m'munsimunsi kuseri kwa nyumba. Lero silinaoneke n'komwe. Ndinkaganiza kuti ndidzapeza chipale chofewa paliponse monga pa makadi a Khirisimasi, koma Glasgow ndi mzinda wa mvula yowaza ndi mphepo.

Amakhala m'nyumba yosanjikizana ya miyala yofiirira, mabanja angapo kulowera khomo limodzi. Hita amayatsa m'mawa ndi madzulo okha chifukwa gasi ndi wodula, ndiye masana ndimakhala ndi bulangete m'miyendo. Zovala amayanika m'nyumba. Nkhani ya kukhala m'zipinda zochepa chonchi ndi akamwini inkandidetsa nkhawa, koma iwo ndi munthu waulemu. Atisiyira chipinda ine ndi ana, ndipo m'mawa amagogoda kaye n'kuti, "Amayi, madzi a tiyi apsa."

Tinakagula nsapato musitolo ya kaunjika, ija yomwe ndalama zake zimathandiza odwala. Majombo a ubweya m'kati mapaundi 9, chikhoti chachitali mapaundi 15. Mayi wogulitsa anandiveka yekha chipewa n'kukokera m'makutu. Chingerezi cha anthu a mumzinda uno n'chothamanga kwambiri, moti ine amene ndachiphunzitsa zaka zambiri ku pulayimale ndimangotolapo mawu awiri atatu. Koma ndi anthu ochezeka. Pamalo odikirira basi sungaime mphindi zingapo wina osakuyamba, ndipo potsika aliyense amathokoza dalaivala.

Ndalama zapepala nazo zinandisokoneza. Ku London anandibwezera zina, kuno zina. Mabanki atatu a ku Scotland amasindikiza zawozawo, zonse n'kukhala mapaundi omwewo.

Madzulo ndinaphika nsima ya ufa wa kwathu ndi usipa. Tinatsegula windo chifukwa cha fungo, tinazizidwa, koma mwana wanga anadya mitanda itatu osalankhula.

19 Disembala, Blantyre

Inde, Blantyre. Kuchokera ku Glasgow Central, pa njanji za m'munsi, ndi mphindi pafupifupi 20. Nditatsika n'kuona chikwangwani cha siteshoni, ndinapempha mtsikana wina kuti andijambule, ndipo chithunzicho ndatumiza ku gulu lathu la Mvano. Ndi tauni yaing'ono, yabata. Umatsetsereka ndi msewu kulowera ku mtsinje wa Clyde, n'kupeza nyumba yoyera yaitali yotchedwa Shuttle Row. M'menemo ndi momwe David Livingstone anabadwira pa 19 Marichi 1813.

Ndakhala ndikuphunzitsa ana dzina limeneli moyo wanga wonse, koma chipinda chija chinandikhazika chete. M'nyumbayi munkakhala mabanja 24 a anthu ogwira ntchito mufakitale ya thonje, banja lililonse chipinda chimodzi. Kuphika momwemo, kugona momwemo, mabedi olowa m'khoma, madzi kukatunga panja. Ali ndi zaka 10 mwanayo anayamba ntchito yolumikiza ulusi woduka pamakina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenako sukulu mpaka 10 koloko. Ndinaganiza za mdima wa m'mawa uno ndi chisanu cha m'mphepete mwa mtsinjewu, n'kuganiza za mwana wa zaka 10 akutuluka pakhomo limenelo. Sindinkadziwa kuti anachokera mu umphawi wotere. M'mabuku athu amaoneka ngati bwana chibadwire.

Nyumbayi anaikonzanso n'kuitsegula mu 2021, ndipo chimene chinandikondweretsa n'chakuti sakumuonetsanso ngati ankayenda yekha. Mayina a Susi ndi Chuma alipo, nkhope zawo zilipo. Chuma anali Myao, anapulumutsidwa kwa ogula akapolo mu 1861 akadali kamnyamata. Livingstone atamwalira m'mudzi wa Chitambo ku Zambia mu 1873, iwowa ndi anzawo ndi amene anaumitsa mtembo n'kuunyamula miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo, kunyanja yamchere, kuti ukaikidwe ku London mu 1874. Popanda iwo, mwina ngakhale manda ake sakanadziwika. Sanabisenso kuti thonje lomwe mwanayo ankalumikiza linkalimidwa ndi akapolo ku America. Ndinaima nthawi yaitali pamenepo. Ndikuona kuti ana athu ayenera kuphunzitsidwa zonsezi pamodzi: kulimba mtima kwa munthuyu podana ndi ukapolo, anthu akuda omwe anamunyamula ali moyo ndi atamwalira, komanso kuti m'mapazi mwake munatsatira atsamunda mu 1891.

Mayi wina wachikulire wothandiza alendo atamva kumene ndachokera anagwira dzanja langa ndi manja awiri n'kuti "Muli bwanji?" Anafikako ku Mulanje ndi anzake a kutchalitchi. Anandikumbutsa kuti mishoni ya ku Blantyre kwathu inayamba mu 1876, ndipo ine ndinamuuza kuti ukwati wanga unadalitsidwa mu St Michael and All Angels. Tinamwa tiyi limodzi, analipira ndi iye.

Panja pali chiboliboli chachikulu cha mkango ukumuluma paphewa. Sindinakhalitsepo, mvula inali itayamba. Pokwera chitunda kubwerera ku siteshoni mawondo ankawawa, ndipo 4 koloko inandipeza mumdima.

21 Disembala, Edinburgh

Lero ndi tsiku lalifupi kuposa onse pachaka. Tinapita ndi ana ku Edinburgh, osakwana ola limodzi pasitima kuchokera ku Queen Street. Ukangotuluka mu siteshoni ya Waverley wafika kale pamsika wa Khirisimasi m'munda wa Princes Street: timashedi tamatabwa, nyale zamitundumitundu, fungo la soseji ndi vinyo wotentha, anthu kuchita kupanikizana. Soseji imodzi m'banzi mapaundi 9. Ana anakwera chigudumu chachikulu chozungulira, chokweza anthu m'mwamba, ndi bambo awo, ine ndinakana. Ndinawadikira pansi nditagwira kapu ya chokoleti, osati pofuna kumwa koma kuti zala zitenthedwe.

Chisanu chitatikulira tinathawira ku National Museum of Scotland, komwe kulowa n'kwaulere. Ndinakhala pabenchi pafupi ndi hita mpaka mapazi anabwerera. Mumzinda uno ndi momwe Kamuzu anamalizira maphunziro ake a udokotala mu 1941, ndipo ndinkayesa kumuganizira akuyenda m'misewu yotsetsereka imeneyi nthawi ya nkhondo, usiku magetsi atazimitsidwa.

Chimene chanditsalira m'mutu si nyale. Pobwerera ku siteshoni tinadutsa bambo atagona pakhomo la sitolo, m'thumba logonamo, galu ali pambali. Ndinafunsa mwana wanga kuti abale ake ali kuti. Anangoti, "Amayi, alipo ambiri." Ndinamupatsa chenji chomwe ndinali nacho. Usiku uno kunja madzi akuundana, ndipo tulo sitikubwera.

23 Disembala

Ndagwa. M'mawa msewu unkaoneka wonyowa chabe, koma anali madzi oundana. Ndimapita kukagula buledi, phazi linangoti tereree, n'kupezeka ndili chagada. Abambo achikulire a nyumba ya pansi pathu anaona pawindo, anatuluka ndi masilipasi, anandidzutsa n'kundilowetsa kwawo. Anandipatsa tiyi wa shuga wambiri, kenako anatuluka ndi chidebe kukawaza mchere pakhomo ponse. Palibe chathyoka, chiuno chokha chikuwawa. Amakhala okha. Akazi awo anamwalira, mwana wawo ali ku Australia.

24 Disembala, usiku

Masana masitolo anali odzaza, anthu akukankha matilole ngati kukubwera njala, chifukwa mawa pafupifupi chilichonse chitsekedwa ndipo sitima siziyenda.

Abambo a pansi aja anatitenga pa galimoto yawo kupita ku mapemphero a usiku, omwe amayamba 11:30 kuti Khirisimasi iwapeze anthu m'tchalitchi. Ndi mpingo wa Church of Scotland, mayi wa CCAP yathu. Ndinavala chitenje pamwamba pa buluku ndi masokosi awiriawiri. Nyumbayo ndi yaikulu, ya miyala, limba lake lofika kudenga. Aliyense anapatsidwa kandulo. Nyimbo zambiri ndinazizindikira ndi maimbidwe, n'zomwe zili m'buku lathu la nyimbo, ndiye iwo akuimba m'Chingerezi ine ndinkatsatira m'Chichewa chapansipansi. Mayi amene anali pambali panga anatembenuka n'kundiuza kuti ndikweze mawu.

Koma ndinamva chisoni. Mabenchi a m'mwamba onse anali opanda munthu, ndipo ambiri mwa obwera anali a imvi. Mmodzi wa akulu a mpingo anandiuza kuti usiku uno ndiye kwadzaza, Lamulungu wamba sakwana theka la amenewa. Kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu opitirira theka ku Scotland akuti alibe chipembedzo. Matchalitchi ambiri akuphatikizidwa, ena akugulitsidwa, ndipo kuno ku Glasgow ndaona ndi maso anga lina lomwe linasanduka malo odyera ndi omwera. Anthu awa anatumiza ana awo kukafera malungo ku Cape Maclear ndi ku Bandawe kuti ife timve uthenga. Sindikuwaweruza, sindikudziwa zonse zimene adutsamo. Koma ndinawapempherera, ndipo ndinalakalaka kwaya yathu ikanakhala pano usiku umodzi wokha.

Nthawi itakwana 12 koloko tinapatsana moni wa m'manja. Abusa, omwe ndi mayi, anandifunsa dera la kwathu n'kundipempha kuti ndikapereke moni ku mpingo.

25 Disembala

Mwana wanga anachoka 7 koloko m'mawa, mumdima, wapansi, chifukwa okalamba sasiya kufuna kusambitsidwa ndi kudyetsedwa pa Khirisimasi. Ana anatsegula mphatso pansi pa mtengo. Ine anandipatsa magolovesi achikopa.

Cha m'ma 10 koloko ndinasuzumira pawindo. Msewu wonse zii. Palibe mwana wovala zatsopano akuyendayenda, palibe wailesi, palibe woitana mnzake. Khirisimasi ya kuno ndi ya m'nyumba, zitseko zotseka, aliyense ndi banja lake. Kwa amene ali ndi banja ndi yokoma ndithu. Kwa amene alibe, sindikudziwa kuti tsikuli limatha bwanji. Apa m'pamene ndinasowa kwathu zenizeni, mpaka ndinalowa kuchipinda kuti ana asaone nkhope yanga.

Nditatuluka ndinafunsa akamwini kuti abambo a pansi aja akudya kuti lero. Anati sakudziwa, kuno munthu sumangomugogodera. Ndinati ine ndigogoda. Ndinatsika ndi mdzukulu wamkulu kuti azindimasulira. Tinawapeza atavala taye, patebulo pali mbale imodzi. Anakana kawiri, kachitatu anatenga chitini cha mabisiketi a batala n'kutitsatira.

Akamwini anawotcha nkhukundembo mu uvuni, ndi mbatata ya kachewere, karoti ndi timakabichi ting'onoting'ono towawira. Ine ndinaphika mpunga wa Kilombero ndi nkhuku ya msuzi, chifukwa Khirisimasi yopanda zimenezi sindiidziwa. Tinakoka timapepala tophulika tomwe kuno amakokerana awiriawiri pa chakudya cha Khirisimasi, n'kuvala zisoti zapepala, abambowo anavalanso chawo. Nkhuku yanga anawonjezera, kambuzi analawa kamodzi n'kukhosomola mpaka misozi. Mpungawo anauzindikira: akuti kutchalitchi kwawo ankaugulitsa m'mapaketi, wochokera kwa alimi a ku Karonga, kudzera ku kampani ina ya ku Paisley.

Anatiuza chinthu chimene sindinamvepo. Iwo ali mwana, bambo awo ankapita kuntchito pa Khirisimasi, kokhoma sitima zapamadzi ku Govan, ngati tsiku lina lililonse. Mpingo wa kuno kalelo unkaona chikondwererochi ngati chosachokera m'Baibulo, moti mu 1640 nyumba ya malamulo inachithetsa, ndipo Khirisimasi inadzakhala tsiku la tchuthi mu 1958. Tsiku lotsatira lake linadzawonjezedwa mu 1974. N'chifukwa chake, iwo akuti, phwando lenileni la Askotishi ndi la chaka chatsopano. Mphatso za ana kwawo zinkabwera pa 1 Januwale: lalanje, apulo ndi kandalama m'sokosi.

3 koloko tinaonera uthenga wa Mfumu Charles pa TV, kunja kukuda kale. Mwana wanga anafika 8 koloko usiku, atatopa kwambiri. Akudya anandiuza kuti pa okalamba omwe amawasamalira, ena abale anabwera ndi maluwa, ena sanabwere aliyense. Mayi wina anamugwira dzanja osafuna kulisiya, ankamuyesa mwana wake. Ndinamutenthetsera madzi n'kumusisita mapazi, monga ndinkachitira ali wamng'ono.

26 Disembala

Amalawi a mumzinda uno ndi madera oyandikira anachita lendi holo ya tchalitchi. Aliyense anabwera ndi poto. Nsima, nyemba, thobwa, mandasi, zitumbuwa, ndi nsomba yomwe ankaitcha chambo ngakhale tonse tinkadziwa kuti sinaone nyanja yathu. Mfutso wanga unatha ndisanakhale pansi. Anamwino, ophunzira a ku yunivesite, madalaivala a basi. Nkhani zinali za mtengo wa feteleza, za mvula, za mapepala, ndi za ndani akubwerera liti kuti anyamulire mnzake kaphukusi. Ndalandira kale maphukusi a ku Chilomoni, ku Zomba ndi ku Mzuzu. Ndinavina mpaka chiuno chija chinandikumbutsa.

28 Disembala, Oban

Adzukulu anati agogo sangabwerere osaona chipale chofewa, ndiye tinakwera sitima ya kumpoto chakumadzulo, maola atatu kuchokera ku Queen Street. Ndi kasitima kakang'ono, koyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond ndi m'mapiri opanda mudzi. Pa Crianlarich sitimayo imagawika pawiri, mbali ina kupita ku Oban, ina ku Fort William. Ndinachita mantha kuti tili mbali yolakwika, ndinafunsa kondakitala kawiri, ndipo iye anabwereranso yekha titanyamuka kudzanditsimikizira.

Kumeneko ndi kumene ndinachiona. Mapiri oyera kuyambira pakati mpaka pamwamba, ndipo pa siteshoni china chinali chitagwera pabenchi. Sitima itaima mdzukulu anatsika n'kundibweretsera chodzaza dzanja. N'chopepuka, chimalira ukachifinya, ndipo chimawotcha zala.

Kenako tinaima pa kasiteshoni kotchedwa Dalmally. Mtima unagunda. M'mudzi umenewu, m'kashedi ka malata, ndi momwe muli likulu la Mary's Meals, bungwe lomwe Magnus MacFarlane-Barrow anayambitsa, limene mu 2002 linayamba kudyetsa ana 200 ku Malawi. Kusukulu komwe ndinkaphunzitsa phala limenelo linkafika. Ndikukumbukira amayi odzipereka akuyatsa moto kusanache, ana ali pamzere ndi makapu apulasitiki, ndi mmene kalasi inkadzadzira kuyambira pamenepo. Ana amene ankagona pa desiki 9 koloko anayamba kukweza manja. Ndinkaganiza kuti zimachokera ku ofesi yaikulu ya mumzinda. Ndinangoona nyumba zochepa, mitengo ndi nkhosa, sitima n'kunyamuka.

Ku Oban mphepo inali yoopsa, moti zombo zina zopita kuzilumba sizinayende. Tinabisala m'kanyumba kodyera pafupi ndi doko. Ndinadya supu ya nsomba yowamba, mbatata ndi mkaka, yotchedwa cullen skink, mapaundi 8 ndi buledi. Pa zakudya zonse za kuno imeneyi ndiye yandikomera. Mwini wake ataona kuti majombo anga alowa madzi anatisamutsira patebulo la pafupi ndi moto, n'kuwaika pambali kuti aume.

Tinabwerera mumdima wokhawokha, pawindo osaona kanthu koma nkhope zathu. Ana anagona pamiyendo panga, ine ndinatopa mpaka kusowa mphamvu yovula chikhoti.

1 Januwale

Abambo aja sananame. Usiku wotsiriza chaka, womwe kuno amautcha Hogmanay, mzinda womwe unali zii pa Khirisimasi unadzuka. Madzulo anthu anakolopa m'nyumba ndi kutaya zinyalala kuti chaka chisawapeze ndi litsiro. 12 koloko itakwana mabelu analira, makombola anaphulika mbali zonse, ndipo zitseko za m'nyumba yathu yonse zinatseguka. Anthu omwe ndinkangowamva mapazi pa masitepe ndinawaona nkhope, tinagwirana manja mopingasa n'kuimba.

Kuno amati munthu woyamba kulowa m'nyumba chaka chikangoyamba amabweretsa mwayi, makamaka akakhala mwamuna wamtali wa tsitsi lakuda, ndipo salowa chimanjamanja. Abambo a pansi anapempha akamwini kuti akhale woyamba kwawo. Anawapatsiratu khala la malasha, mabisiketi ndi kabotolo ka wisiki, n'kuwatulutsa panja kuti agogode. Akamwini samwa, koma analowa nazo mwaulemu wonse, ife tikutsatira pambuyo. Tinakhala kumeneko mpaka 2 koloko. Anatulutsa zithunzi za akazi awo, ndipo mwana wanga anawalonjeza kuti Lamulungu lililonse akapanda kukhala kuntchito azidzadya kumwamba kuno.

Lero masitolo ambiri ndi otseka, mawanso ndi tchuthi ku Scotland. Ndikunyamuka pa 4. Chikwama chilichonse sichiyenera kupitirira makilogalamu 23, ndipo maphukusi a anthu okha adzaza chimodzi. Tayeza pa sikelo ya kubafa, tatulutsa, tabwezera, tayezanso. Chikhoti ndi majombo ndizisiya kuno. Uthenga wochokera ku Lunzu ukuti mvula ikugwa bwino koma feteleza wachiwiri sanathire, ndiye ndikangofika ku Chileka ndiyambira kumeneko.